Mafunso ndi Mayankho: Zoperekezera Mpunga ndi Nkhuku pa Khrisimasi

Makalata ambiri amene talandira mwezi uno akukhudza chakudya cha pa Khrisimasi ndi Chaka Chatsopano. Palibe amene wafunsa kaphikidwe ka nkhuku kapena ka mpunga, popeza zimenezo aliyense amazidziwa. Nkhawa ya owerenga athu ili pa zakudya zoperekezera ndi zoyambira, zimene akufuna kuti zikhale zopatsa thanzi, zosavuta kukonza ndiponso zosaboola m'thumba. Tasankhapo makalata angapo oti tiwayankhe.

FUNSO: Azakhali, chaka chino ndine amene ndikulandira abale a kuchimuna, ndipo tidzakhalapo anthu pafupifupi 15. Chaka chilichonse timadya mpunga, nkhuku yokazinga, tchipisi ndi kabichi wothira mayonesi, koma tsopano apongozi anga aakazi ali ndi matenda a shuga, pamene bambo a kunyumba anawapeza ndi vuto la kuthamanga kwa magazi. Ndikufuna kusintha, koma ndikuopa kuti ndikaika nkhwani patebulo tsiku la Khrisimasi alamu anga adzati ndawanyoza kapena ndaumira. Ndichite bwanji?
Mayi wa ana atatu, Chilomoni, Blantyre

YANKHO: Zikomo kwambiri mayi chifukwa choganizira moyo wa apongozi anu ndi wa amuna anu. Choyamba ndikufuna ndikuchotseni mantha amenewo. Maganizo akuti ndiwo zamasamba ndi za masiku wamba, ndi kuti chakudya cha tsiku lachisangalalo chiyenera kukhala cha mafuta okhaokha, ine sindigwirizana nawo ngakhale pang'ono, chifukwa ndi omwewo amene akudwalitsa anthu ambiri m'mabanja mwathu. Khrisimasi yathu imafika mvula itagwa kale, nthawi imene nkhwani, bonongwe, chisoso, luni, khwanya ndi kholowa zili zanthete ndiponso zosavuta kupeza, choncho n'zomvetsa chisoni kuti tsiku limene tasonkhanitsa banja lonse ndi limene timazisiya kumsika.

Taonani mbale imene mwaifotokozayo. Unduna wa Zaumoyo umatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. M'mbale yanu zokhutitsa zilimo ziwiri, mpunga ndi tchipisi, ndipo mafuta alowamo katatu, m'nkhuku, m'tchipisi ndi m'mayonesi, pamene zipatso ndi zanyemba mulibe, ndipo masamba ndi kabichi wochepa uja basi. Bungwe loona za umoyo padziko lonse la WHO limalangiza kuti munthu wamkulu azidya masamba ndi zipatso zosachepera magalamu 400 pa tsiku. Ntchito ya zakudya zoperekezera ndiyo kutseka mpata umenewu, ndipo nkhuku ndi mpunga zisiyeni monga mwa masiku onse kuti pasakhale wodandaula.

Yambani ndi nkhwani wotendera, ndipo mumuphike mwaluso. Sankhani nsonga ndi masamba anthete okha, muwasadzule bwinobwino, kenaka muwatsuke musanawadule, popeza masamba otsukidwa atadulidwa kale amataya michere ina m'madzi. Pa timitolo tinayi ta nkhwani, madzi asapitirire kapu imodzi. Madziwo akabwata, ikanimo masamba pamodzi ndi tomato awiri ndi anyezi mmodzi, muvundikire kwa mphindi 5, kenaka muwaze kapu imodzi ya nsinjiro pamwamba osavundula, ndipo muvundikirenso kuti nsinjirozo zipse ndi nthunzi kwa mphindi pafupifupi 10 pa moto wochepa. Mukadzavundukula mudzaona nsinjiro zitanyowa ndi kusintha mtundu, ndipo fungo la uwisi litatha. Pamenepo ndiye thyakulani ndi mthiko mpaka zonse zigwirane. Mafuta ophikira safunikanso, chifukwa pafupifupi theka la kulemera kwa mtedza ndi mafuta.

Soda musathiremo. Ndikudziwa kuti ambiri tinazolowera kuthira soda kapena chidulo kuti masamba afewe msanga ndi kukhalabe obiriwira, koma soda amawononga vitamini C ndi mavitamini ena a gulu la B, ndiponso ali ndi sodiyamu, chinthu chomwecho cha mumchere chimene chimakweza kuthamanga kwa magazi. Nkhwani wanthete wa mu Disembala amafewa yekha.

Kabichi uja musamutaye, mungosintha chothiramo. Mudule mopyapyala kwambiri, mupalepo kaloti, mudulirepo mango amodzi osapsetsa, kenaka muthire madzi a mandimu awiri, supuni ziwiri za mafuta ndi kamchere kapang'ono, n'kusakaniza patatsala mphindi zochepa kuti anthu adye. Ngati alamu anu sangamve kukoma popanda choyera chija, sakanizani mayonesi pang'ono ndi chambiko kapena yogati wopanda shuga, chambikocho chichuluke.

M'malo mwa tchipisi, funani mbatata yofiira mkati, monga Zondeni, Kadyaubwerere, Kaphulira kapena Chipika, imene ili ndi zinthu zimene thupi limazisandutsa vitamini A. Ngati muli ndi uvuni, iduleni m'zidutswa zazitali, muipake supuni ziwiri zokha za mafuta ndi kuiwotcha mpaka ipsere pang'ono m'mbali. Ngati mulibe, phikani futali, amene ana ndi akulu omwe amamukonda. Koma pano pakufunika kusamala za apongozi anu: mbatata nayonso ndi chokhutitsa ndipo imakweza shuga m'magazi, choncho iwo asankhe chimodzi pakati pa mpunga ndi mbatata, osati zonse ziwiri zodzaza. Njira yosavuta ndi kuwagawira mbale motere: theka likhale masamba, ndipo theka linalo mulidule pawiri, mbali imodzi chokhutitsa, mbali ina nkhuku yochotsa khungu. Mankhwala awo amwe pa nthawi yake monga anawauzira kuchipatala, chifukwa matenda amenewa sapuma pa tchuthi.

Kwa bambo a kunyumba nkhani yaikulu ndi mchere. WHO imati munthu asafike magalamu 5 pa tsiku, kumene kuli pafupifupi supuni yaing'ono imodzi ya tiyi, kuwerengera mchere wa m'zakudya zonse. Wambiri umabisala m'timakyubu ndi ufa wokometsera supu, m'masoseji ndi m'sosi wa m'mabotolo. Chepetsani zimenezi, ndipo kukoma mukufune mu adyo, jinja, anyezi wokazinga pang'onopang'ono, mandimu ndi kambuzi kwa amene amatha tsabola. Patebulo pasakhale mbale ya mchere.

Za kunyozedwa zija, malangizo anga ndi akuti nkhwaniyo muike m'mbale yagalasi imene mumasunga m'kabati kudikira alendo, ndipo ikhale pakati penipeni, pafupi ndi nkhuku. Anthu amalemekeza chakudya chimene mwini nyumba wachilemekeza, ndipo musayambe ndi kupepesa kapena kufotokoza za matenda a munthu aliyense.

FUNSO: Tikachokera ku tchalitchi cha m'ma 12 koloko, chakudya chimapsa cha m'ma 3 koloko. Nthawi yonseyi ana amakhala akudya mabisiketi, maswiti ndi zoziziritsa kukhosi, moti chakudya chenicheni chikafika amangochitompha n'kuchisiya. Alendo akuluakulu nawonso amangokhala ndi njala. Kodi tingawapatse chiyani chogwiriza m'mimba chimene sichiwononga?
Bambo wa ku Area 25, Lilongwe

YANKHO: Achimwene, nyengo ino yakukonderani, chifukwa mango ali paliponse ndipo zinanazi za ku Mulanje zafika m'misika. Dulani mango, chinanazi, papaya ndi mavwende m'tizidutswa toti munthu n'kutola ndi foloko, mufinyirepo ndimu, muziike m'mbale yaikulu yovundikira chifukwa cha ntchentche. Shuga wa m'chipatso chathunthu amalowa m'magazi pang'onopang'ono kusiyana ndi wa m'botolo, ndipo mwana amene wadya zidutswa zingapo za mango amafikabe pa chakudya ali ndi chilakolako.

Mondokwa wa kudimba ndi chinthu china chabwino. Muphikeni kapena kumuwotcha, koma mudule chisononkho chilichonse patatu kuti munthu angolawa, asakhute. Mtedza wokazinga pa chiwaya popanda mafuta umayenera anthu akuluakulu, ndipo kadzanja kamodzi n'kokwanira. Musanaukazinge, utsanulireni m'lichero n'kusankha wonse wofwifwa, wonyala, wobooka kapena wakuda, chifukwa mtedza wachuku umakhala ndi poizoni wa aflatoxin amene amawononga chiwindi ndipo satha ndi moto. Mtedza umene tikudya mu Disembala wakhala miyezi ingapo chikololereni, ndipo chinyezi cha dzinja chimakulitsa chuku, choncho kusankhaku musakuchite mothamanga. Nsinjiro zotendera nazonso ndi bwino kusinja nokha kuchokera ku mtedza umene mwausankha. Ana osakwana zaka 5 musawapatse mtedza wathunthu, chifukwa ungawatsamwe.

Ngati kwanuko kwatuluka ngumbi, musachite nazo manyazi. Zili ndi zomanga thupi ndi ayironi, zimakazingika ndi mafuta ake omwe, ndipo zimangofuna kamchere kochepa. Mazira owiritsa odula pakati, owazidwa tomato ndi anyezi wodula mosalala, ndi njira ina yotsika mtengo kwa alendo amene sadya ngumbi.

Pa zakumwa, botolo la mamililita 300 la chakumwa chozizira lingathe kukhala ndi shuga woposa magalamu 30, pamene malire amene WHO imapereka kwa munthu wamkulu ndi pafupifupi magalamu 50 pa tsiku lonse, ndipo kwa mwana ndi ochepera pamenepo. Sindikunena kuti ana amanidwe botolo lawo la Khrisimasi, limene amaliyembekeza chaka chonse. Apatseni limodzi pa nthawi ya chakudya, koma podikira amwe madzi a malambe, a bwemba kapena a chidede amene mwakonza nokha ndi madzi otetezedwa, pakuti mukatero ndinu amene mukuyeza shuga wolowamo.

FUNSO: Ine ndimakonda kachumbali ndi saladi ya nkhaka, koma amayi anga amakana zamasamba zosaphika nyengo ya mvula chifukwa cha kolera. Komanso kwathu magetsi amazimazima, ndiye firiji sitiidalira. Kodi amayi akulakwitsa?
Mtsikana wa ku Mangochi

YANKHO: Mwanawe, amayi ako sakulakwitsa, ndipo uwamvere. Mliri wa kolera umene unayamba mu Marichi 2022 m'boma la Machinga unafalikira m'maboma onse a dziko lino ndi kupha anthu oposa 1,700, ndipo madera a m'mbali mwa nyanja, kuphatikizapo kwanuko, anavutika kwambiri. Kolera imayenda ndi madzi ndiponso chakudya chimene chakhudzana ndi chimbudzi, ndipo mvula ikamakokolola zonyansa kulowa m'zitsime ndi m'madimba, tomato kapena nkhaka yooneka yoyera ingathe kukhala ndi tizilombo.

Ngati ukufunabe kachumbali, madzi otsukira akhale owiritsa kapena othira klorini, monga WaterGuard, ndipo ukathira mankhwalawo udikire mphindi 30 usanawagwiritse ntchito. Usambe m'manja ndi sopo, usende nkhaka, kaloti ndi anyezi, ndipo tomato umuviike m'madzi obwata kwa kanthawi kochepa mpaka khungu lisweke, n'kulisenda. Mpeni ndi thabwa zimene wadulira nkhuku yaiwisi zisakhudze saladi usanazitsuke ndi sopo, chifukwa matenda ambiri otsegula m'mimba a pambuyo pa phwando amayambira pamenepo. Usadalire mandimu kapena viniga kuti zipha tizilombo. Ntchito yake ndi kukometsa basi. Letesi ndi masamba ena ovuta kutsuka asiye kaye mpaka mvula ithe.

Njira imene ingakugwirizanitseni nonse awiri ndi saladi yophika. Tenga zitheba, kaloti ndi nsawawa, uzifwafwaze m'madzi obwata kwa mphindi 5 kuti zipse koma zisafewe kwambiri, ukhetse madziwo, ndipo zikadali zofunda uthire ndimu, supuni imodzi ya mafuta ndi adyo wosinja. Mitundu yake imakongoletsa tebulo, ndipo amayi ako adzadya mtima uli m'malo.

Za firiji, lamulo ndi lakuti chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola awiri, ndipo ndi kutentha kwa ku Mangochi ine ndingakonde kuti usafike n'komwe pamenepo. Chilichonse cha mayonesi, mazira kapena chambiko uchikonze mochepa ndipo chidyedwe nthawi yomweyo. Mpunga wotsala nawo ndi woopsa ukagona pofunda, chifukwa muli tizilombo tina timene timapirira kuphika, n'kutulutsa poizoni amene satha ngakhale utautenthetsanso. Wina akayamba kutsegula m'mimba mwamadzimadzi, ayambe kumwa ORS nthawi yomweyo ali pa ulendo wa kuchipatala.

FUNSO: M'mbali mwa msewu akugulitsa bowa wambiri wokongola, ndipo ndikufuna kuphikira alendo anga. Anzanga ena akuti ndikaika supuni m'poto ndipo osada ndiye kuti bowayo ndi wabwino. Ndi zoona?
Mayi wa ku Kasungu

YANKHO: Si zoona mayi, ndipo chonde anzanuwo muwauze kuti asiye kufalitsa zimenezo. Supuni, ndalama yachitsulo kapena anyezi sizingakuuzeni kanthu za poizoni. Kuona kuti bowa wadyedwa ndi tizilombo si umboni, ndipo kuwiritsa kapena kuyanika sikuchotsa poizoni wa mitundu yoopsa kwambiri. Choipitsitsa n'chakuti bowa wakupha kwambiri sapweteka msanga: munthu angathe kukhala bwinobwino kwa maola 6 mpaka 24, kenaka n'kuyamba kusanza ndi kutsegula m'mimba, n'kuoneka ngati wachira, pamene chiwindi chikuwonongeka. Aliyense amene wadwala atadya bowa apite kuchipatala msanga, anene zimene wadya, ndipo onse amene anadya naye apite nawo.

Izi sizikutanthauza kuti bowa tileke. Utale, manyame ndi ndelema ndi ndiwo zimene makolo athu akhala akudya kuyambira kalekale, ndipo ndi zina mwa zokoma kwambiri za dzinja. Gulani mtundu umene inuyo mukuudziwa bwino, kwa munthu wamkulu amene mumamudziwa, ndipo ukhale mtundu umodzi, osati mulu wosakanikirana. Pa ndelema samalani koposa, chifukwa ali m'banja limodzi ndi bowa wina wakupha, ndipo akadali aang'ono osatambasuka savuta kusokoneza. Ngati muli ndi chikayiko chilichonse, gulani bowa wolimidwa wa m'masitolo.

Pophika, mutsuke mwachangu kuchotsa mchenga, osamuviika nthawi yaitali. Muikeni m'poto wopanda mafuta kuti atulutse madzi ake, ndipo madziwo akaphwera muthire supuni imodzi ya mafuta, anyezi ndi tomato, kapena mumutendere. Apse mokwanira, bowa wa kutchire sadyedwa wosapsetsa.

FUNSO: Azakhali, ndimakhala ndekha ndipo ndili ndi mbaula imodzi. Achemwali anga ndi alamu akubwera ndi ana awo. Ndikufuna ndiwaonetse kuti ndakula, koma makala akwera mtengo. Ndi zoperekezera ziti zimene ndingakwanitse?
Mnyamata wa ku Chinamwali, Zomba

YANKHO: Mwana wanga, akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma pusi anagwa chagada, choncho usafune mbale zambiri. Ziwiri zokonzedwa bwino zikukwanira. Viika nyemba m'madzi usiku wonse, utaye madziwo m'mawa, ndipo uziphike poyamba moto ukadali waukali. Nyemba zoviika zimapsa msanga ndipo makala amapulumuka. Zikapsa koma zisanaphwanyike, khetsa msuzi wake, uzisakanize ndi anyezi, tomato wosenda, tsabola wobiriwira, ndimu ndi supuni imodzi ya mafuta. Vitamini C wa mu tomato ndi ndimu amathandiza thupi kutenga ayironi wa m'nyemba, chinthu chofunika kwa achemwali ako ndi ana.

Kenaka phika nkhuku, ndipo mpunga ubwere pambuyo pake. Mpungawo ukabwata madzi n'kuyamba kuphwera, uphule, ukulunge poto wovundikira bwino m'bulangete kwa theka la ola. Udzapsa ndi kutentha kwake komwe, ndipo mbaula idzakhala yopanda kanthu. Pa makala otsalawo ika mabilingano awiri kapena atatu athunthu pamodzi ndi tomato, uziwatembenuza mpaka khungu lide ndipo mkati mufewe. Usende, uphwanye ndi foloko, uthire adyo, ndimu ndi kamchere. Fungo la utsi limene limalowamo limayenerana kwambiri ndi mpunga wa Kilombero. Mango angapo odula adzatsekera chakudya chako.

FUNSO: Ndili ku Leeds, ndipo apabanja a anzanga a kuno andiitana ku chakudya cha Khrisimasi, aliyense akuyenera kubweretsa mbale imodzi ya masamba. Nkhwani kulibe. Ndingatengeko chiyani chakwathu?
Namwino wa ku Leeds, Britain

YANKHO: Achemwali, chimene chimapangitsa ndiwo zathu kukhala zathu ndi kutendera, ndipo mungatendere masamba amene ali pafupi nanu. Masamba otchedwa kale ndi spring greens m'Chingerezi amapirira moto ndipo amayandikira mpiru ndi repu. Sipinachi amafewa msanga ngati bonongwe, choncho amafuna mphindi zochepa ndi madzi ochepa kwambiri. M'malo mwa nsinjiro, sungunulani supuni zitatu za chiponde chopanda shuga m'theka la kapu ya madzi ofunda, muthire masamba atatsala pang'ono kupsa, ndipo zitokote pamodzi kwa mphindi 5. Timakabichi tating'ono totchedwa Brussels sprouts, timene anthu a kumeneko sadya Khrisimasi popanda ito, timakomanso tikadulidwa mopyapyala ndi kutenderedwa chimodzimodzi. Mukapeza chigwada chouma ndi chisanu m'sitolo ya zakudya za ku Africa, chiwiritseni kosachepera theka la ola poto ali wosavundikira musanatendere, chifukwa masamba a chinangwa ali ndi poizoni amene amachoka ndi kusinja ndi kuwiritsa mokwanira. Musanakonze, funsani eni nyumba ngati pali wina amene thupi lake limadana ndi mtedza, popeza vuto limeneli lingathe kuika moyo pachiswe, ndipo pambale yanu muikepo kapepala konena kuti muli mtedza.